Tsiku Limene Njiri Analawa Mankhwala Ake

Nthano iyi ndinaimva kwa a Nagama, mayi wa ku Golomoti amene tinakumana pa chipatala china, iwo akudwazika amuna awo, ine ndikudwazika mchemwali wanga. Tsiku limenelo kukhitchini ya odikirira odwala kunabwera bambo wina ndi chikwama cha mabotolo, akuti botolo limodzi limachiza shuga, nyamakazi, kuthamanga kwa magazi ndi kusabereka komwe. Amayi anamuunjirira. A Nagama anangosonkhezera moto wa phala la wodwala wawo, n'kuitana ana amene ankasewera pamenepo ndi ife akuluakulu amene tinali pafupi, n'kuyamba nthano. Chisiyanirane sindinamvenso za iwo; Mulungu awasunge kumene ali. Mawu awo ndiwabweza monga ndinawalandirira.

Kalekale, chaka china mvula itachedwa, madzi anaphwa m'dambo monse. Panatsala thamanda limodzi pakati pa dambo, ndi kasupe wamng'ono kumtunda, kuseri kwa mwala. Kasupe anali kutali, thamanda linali pafupi, ndiye nyama zinkamwa pa thamanda. Pa thamanda lomwelo Njiri ankasambapo, ankagubudukapo masana onse, ndipo zina zimene ankachita m'madzimo sindinena, pali ana pano.

Posakhalitsa m'dambo munagwa matenda a m'mimba. Uyu wagona, uyo wagona. Kanjira ka kuthengo kanatakata ngati msewu.

M'mawa wina Njiri anadzuka atavala mkanda wa zigoba za nkhono m'khosi, n'kulengeza kuti makolo ake amulotetsa mankhwala. Anati matendawa achokera ku kasupe, wina anathiramo zoipa, ndipo iye mwini anakatseka njira ya kumeneko ndi minga kuti apulumutse anzake. Kenako anatenga mtsuko, kutunga madzi a pa thamanda, kuthiramo dothi lofiira, kunyikamo mizu yowawa imene imatsegula m'mimba ngakhale mwa njovu. Mankhwala apsa. Wofuna mankhwala ankayamba wapereka chipondamthengo, chija amapereka kwa sing'anga kuti akakumbe mizu: mtedza, mbatata, chinangwa, chilichonse cholowa m'kamwa mwa Njiri.

Malamulo ake anali awa. Osafunsa zimene zili mumtsuko. Ponyamula chikho kupita kwanu, osacheuka. Ndipo wodwala akamwa, m'mimba n'kutseguka kuposa kale, osadandaula, ndi matenda akutuluka. Wochira, mankhwala agwira. Womwalira, wonyamula chikho anacheuka.

Nyama zinkayang'ana Njiri, wonenepa, wonyezimira, wosadwala ndi tsiku limodzi lomwe, n'kumati amene ali ndi thupi lotere mankhwala akuwadziwa. Komanso kunali mantha, ana inu. Mwana akamafooka m'manja mwako, wina n'kukuuza molimba mtima kuti ali ndi yankho, makutu amatseguka okha.

M'dambomo munali Sakhwi. Mukumudziwa Sakhwi, kanyama konga mbewa, ka miyendo yaitali ndi kamphuno kakatali kosaleka kugwedezeka. Chibadwire sanakhazikikepo. Koma masiku amenewo kusakhazikika kwake kunali ndi chifukwa: mwana wake mmodzi yekhayo, Nyenyeswa, anali gone pamphasa, milomo itauma, maso atalowa.

Kunabwera achimwene ake a Sakhwi, a Mandevu, eni mbumba, amene mawu awo pa mwanayo anali omaliza. Sanakhale n'komwe. Ali chiimire anamuuza kuti lichero la ngumbi zouma lija ankasungira nthawi ya njala akalitula kale kwa a Njiri, ndipo mawa m'mawa, a sing'anga akamagawa mankhwala, Sakhwi akatenge chikho cha mwana.

Sakhwi anawakumbutsa za mwana wa Mende, woyandikana naye nyumba, amene anamwa mankhwalawo dzana n'kuikidwa dzulo.

“Amake anacheuka,” anatero a Mandevu.

“Munawaona akucheuka, achimwene?”

“Akanapanda kucheuka mwana akanafa? Iwe make Nyenyeswa, mphuno yakoyi idzakupweteketsa. Mwanayu ndi wanga ine malume ake. Mawa amwa.”

Anapita. Sakhwi analowa m'nyumba, anatuluka, analowanso. Anagwira mwana pamphumi. Anasesa pakhomo posesa kale. Kukana mawu a eni mbumba sakanatha, koma kupereka chikho chija kwa mwana wake, manja ankakana. Anaganiza kuti ngati mankhwalawo amachizadi, ochirawo alipo ndithu, akawaone ndi maso ake mtima ukhale pansi. Anafunditsa mwana, ulendo.

Anayambira kwa Pumbwa, mbalame ija yosatseka pakamwa, chifukwa ndiye ankaimba za Njiri m'mitengo yonse. Pumbwa anamuuza kuti ochira ndi osawerengeka. Wina anali atamangidwa kale m'mphasa, anangomudonthezera pamlomo, dzambatu, n'kupempha chakudya.

“Munamuona ndi maso, a Pumbwa?”

“Kuona sindinamuone, koma nkhaniyi ili ponseponse. Anandiuza a Gologolo.”

Sakhwi liwiro, kwa Gologolo. Gologolo anati n'zoona zenizeni, ndipo wodzukayo sanali mmodzi, anali banja lonse.

“Munawaona ndi maso, a Gologolo?”

“Kuona sindinawaone, koma nkhaniyi ili ponseponse. Anandiuza a Mbira.”

Sakhwi liwiro, kwa Mbira pamiyala. Mbira anali akuwotha dzuwa. Anati iye zabodza sanena, banjalo linadzukadi, ndipo gogo wa m'banjamo mano anameranso.

“Munawaona ndi maso, a Mbira?”

“Kuona sindinawaone. Anandiuza a Pumbwa.”

Sakhwi anaima chilili, kamphuno kokha kakugwedezeka. Anathamanga dambo lonse kutsata nkhani, nkhaniyo n'kumubweza pamene anayambira, itanenepa ngati mwini mankhwala. Mbira ataona nkhope yake anakwiya pang'ono, n'kumuuza kuti ngati akufuna wochira woti amugwire ndi dzanja apite kwa Nungu, amene anatsala pang'ono kufa koma lero akuyenda.

Sakhwi liwiro, kwa Nungu. Anamupezadi ali moyo, akukonza minga yake pakhonde. Atangomva dzina la Njiri, Nungu anayamba kutama: sing'anga ndi ameneyo, wina kulibe. Koma mphuno ya Sakhwi inali itamva kale fungo lowawa lochokera kudenga. Anakweza maso. Chipanda cha mankhwala chinali lende, chotsekedwa ndi chitsononkho, chodzaza mpaka m'khosi.

“A Nungu, mankhwala amene anakuchizani ndi omwe ali kudengawa?”

Nungu anayang'ana uku ndi uku, n'kumukokera kuseri kwa nyumba. Monong'ona anati anamwako kamodzi kokha, ndipo zimene anaona tsiku limenelo sangafunire ndi mdani yemwe. Anakwawa osadziwa kumene akupita, mpaka anapezeka kuseri kwa mwala, pamthunzi wa kasupe. Minga yotchinga ija kwa iye si kanthu. Anati poti akufa kale, bola afe atamwa madzi ozizira. Anamwa, anagona pomwepo, anamwanso. M'mimba munatseka. Ndipo m'mawa uliwonse ali chigonere m'tchire lija, ankaona Njiri akubwera mozemba, kukankha nthambi ya minga, kumwa mpaka kukhuta, n'kubwezera nthambiyo.

Sakhwi anamupempha kuti mawa akanene zimenezi pagulu.

“Mayi, mbatata za munda wonse ndinapereka ine,” anatero Nungu. “Mukufuna ndiime pamaso pa apongozi anga ndinene kuti ndinagula matope? Komanso ndani akudziwa? Mwina chinandichiza ndi chija ndinamwa kamodzi chija.”

Sakhwi sanatsutsane naye, nthawi panalibe. Anatola chigoba cha nkhono, liwiro, kumtunda. Analowa pansi pa minga, poti iye ndi wochepa. Madzi anali mbee, mchenga ukuoneka pansi, ndipo m'mbali monse munali mapazi a Njiri, akale ndi atsopano. Ananunkhiza, analawa, anatunga. Kunyumba, kudonthezera mwana. Kubwerera ku kasupe. Kunyumba. Ku kasupe. Chigoba n'chochepa, njira n'njaitali, dzuwa likuswa mtengo, iye osapuma. Dzuwa litapendeka Nyenyeswa anatsegula maso, n'kunyambita milomo, n'kufunsa ngati madziwo aliponso.

Nthawi yomweyo a Mandevu anatulukira. Ataona mwana ali maso anaomba m'manja.

“Waona? Chipondamthengo chokha chayamba kale kugwira ntchito. Nanji akamwa mawa.”

Sakhwi anawafotokozera zonse, za kasupe, za mapazi, za chipanda cha kudenga, kungobisa dzina la Nungu. Ankaganiza kuti akondwa. A Mandevu ndevu zinaima. Anati mlongo wawo wapenga, wamwetsa mwana madzi olodzedwa, ndipo kudzukako n'kwa zoipa zija zikusewera naye. Anati tsopano chikho chimodzi sichikwana, mawa amwa ziwiri, ndipo iwo eni akakhalapo.

Sakhwi anakhala pansi. Anadzuka. Anakhalanso. Anaona kuti zoona zake n'zazing'ono ngati iye mwini, palibe wozimva. Akakaima pagulu n'kunena kuti Njiri ndi wonama, adzati ndi nsanje, kapena adzati wolodza kasupe uja ndi iyeyo. Ali mkati mozungulirazungulira anakumbukira amake. Kale iye ali mwana atadwala chifuwa, amake anapita naye kwa sing'anga wa nthawi imeneyo, ndipo sing'angayo asanapereke chikho anayamba wamwako yekha onse akuona. Umo ndi mmene zinkakhalira: wopanga mankhwala amalawa, kuti odwala amwe ndi mtima umodzi. Njala ndi mantha zinaiwalitsa nyama mwambo umenewu.

Sakhwi liwiro, kwa Pumbwa. Sanamunamize. Anangomuuza kuti amake ankati sing'anga weniweni amalawa chikho chilichonse asanachipereke, ndipo poti a Njiri akuti ndi sing'anga weniweni, mawa iye akawapempha amulawire, atanyamula ngumbi zotsala zonse zowathokozera.

“Koma a Pumbwa, izi n'zapakati pa inu ndi ine. Ena akamva, mawa ndikakhala kumapeto kwa mzere.”

Pumbwa analumbira kuti mlomo wake ndi wosokedwa. Sakhwi asanafike kwawo anakumana ndi Gologolo akuthamanga ndi thumba la mtedza, ndipo Gologoloyo anamufunsa ngati wamva. Akuti mawa kuli mankhwala amphamvu kuposa onse, olawidwa ndi pakamwa pa a sing'anga, ndipo opindula ndi okhawo obweretsa chipondamthengo chachiwiri. Sakhwi anafunsa kuti wamva kwa yani. Gologolo anati nkhaniyo ili ponseponse.

Kutacha, pa thamanda panali nyama zosayamba zasonkhanapo, iliyonse ndi chikho m'manja ndi katundu pamutu. Mbatata, mtedza, chinangwa, maungu ouma, mulu kufika m'mapewa a Njiri. Njiri, amene nkhani yolawayo inali isanamufike, anayang'ana muluwo malovu ali chuchuchu, n'kuvundula mtsuko mwamphamvu.

Sakhwi anali kutsogolo, a Mandevu pambuyo pake. Anatula ngumbi, anagwada, anaomba m'manja mwaulemu, n'kupereka chigoba chake cha nkhono. Njiri anathiramo mankhwala. Sakhwi sanalandire. Anati:

“Tilawireni, bambo, monga ankachitira makolo.”

Njiri anaseka, n'kunena kuti makolo ake m'maloto anamuletsa kulawa, mphamvu zingathawe. Koma kumbuyo nkhalamba zinayamba kung'ung'udza. Ina inati m'masiku ake chikho chosalawidwa sichinkalowa m'nyumba. Ina inati makolo ake ati amene angaletse zimene iwo eni ankachita. A Mandevu, amene pa za mwambo sankafuna wina awapose, anakhosomola n'kunena mokweza kuti zimenezo n'zoona, iwo anali atatsala pang'ono kuzinena, ndipo mwana wa mlongo wawo samwa chosalawidwa. Mbira anayamba kukoka thumba lake pamulu paja pang'onopang'ono. Gologolo nayenso anagwira lake.

Njiri anayang'ana chigoba. Anayang'ana mulu. Anayang'ana thumba la Mbira likuchoka. Chigobacho chinali chochepa. Anatsinzina, kwiti.

“Mwamaliza chonse, bambo,” anatero Sakhwi akusuzumira m'chigobamo. “Palibe kanthu, pakamwa panu m'papakulu. Ndikaima kumapeto, anzangawa nawo alandire.”

Pamenepo mzere unasweka. Aliyense ankafuna chikho chake chilawidwe. Uyu watambasula, uyo watambasula. Mbira anati iye wabweretsa matumba awiri, amulawire kawiri. Gologolo anati a sing'anga angonyowetsa milomo, amwe zooneka. Njati anabwera ndi mphika. Njiri ankati akafuna kuleka, wina n'kutula dengu la mbatata pamulu, iye maso pa dengu, pakamwa pa chikho. Kwiti. Kwiti. Kwiti. Mtsuko unafika pakati, palibe ndi mmodzi yemwe amene anali atanyamuka kupita kwa wodwala wake, aliyense akudikira aone ngati mnzake amulawira zambiri.

Kenako panamveka kulira kwina. Gudugudugudu. Nyama zinakweza maso kumwamba, zikuti mwina mvula ija yakumbuka. Kumwamba kunali kuti mbee. Gudugudugudu. Zinatsitsa maso kwa Njiri.

Njiri thukuta lili kamukamu. Anagwada pa maondo akutsogolo, n'kunena ndi mawu aang'ono kuti kugawa kwatha, abwere mawa.

“Musaope, bambo,” anatero Sakhwi mokoma mtima. “Ndi matenda akutuluka.”

Pumbwa anauluka pamwamba akulengeza kuti zodabwitsa zachitika, a sing'anga nawonso anali odwala osadziwa, mankhwala awapeza. Njiri sanadikire kuti amalize. Anadzambatuka, mchira uli njo m'mwamba, liwiro lolowera kumtunda. Nungu, amene anali phee nthawi yonseyi, anafuula pambuyo pake:

“A sing'anga, musacheuke!”

Nyama zinati ndithu akukakumba muzu wina woposa, ndipo palibe amene ankafuna kutsala. Zonse pambuyo pake, zikho m'manja, zikulumpha zimene Njiri ankasiya m'njira. Njiri anafika pa minga ija, anakankha nthambi yake ya masiku onse, n'kuviika mutu wonse m'kasupe wolodzedwa uja. Anamwa, anamwa, anamwa. Atadzutsa mutu anapeza dambo lonse litamuzungulira. Ena akuyang'ana madzi oyera. Ena akuyang'ana kanjira ka mapazi ake, kosalala ngati ka pakhomo. Mende, mayi wofedwa uja, amene ankadzida yekha kuti mwina anacheukadi, anakhuthula chikho chake pansi pang'onopang'ono. Ena onse anachita chimodzimodzi.

Njiri anabwerera cham'mbuyo, cham'mbuyo, n'kulowa m'dzenje la nyama ina, nkhope ili kunja, kuopa kuti angamugwire mchira.

Nungu anauza oyandikana nawo kuti iye ankadziwa kale. Gologolo anati iye ankakayika chiyambire. A Mandevu sanapepese kwa mlongo wawo. Anangotsuka chikho chachikulu kawiri konse, kutunga madzi a kasupe, kunyamula okha mpaka kunyumba, n'kumwetsa Nyenyeswa ndi dzanja lawo, akunena kuti eni mbumba akakhala maso mwana satayika. Sakhwi anawathokoza. Nyama zinachotsa minga, zinaleka thamanda, ndipo kanjira ka kuthengo kanayamba kumera udzu. Nyenyeswa anadzuka, kuyenda, kuthamanga, kuvuta ngati amake.

Mukuganiza kuti Sakhwi anapuma? M'mawa wina anatsegula chitseko n'kupeza mzere pakhomo pake, aliyense ndi kamtolo m'manja. Gologolo anamufotokozera kuti zamveka zoti mphamvu yonse ili m'mphuno mwakemo, ndi imene inayeretsa kasupe, ndipo woigwira sadwalanso mpaka ukalamba. Sakhwi anati zimenezo n'zabodza, iye mankhwala alibe, angomwa madzi oyera basi. Mbira anatembenukira anzake n'kuti taonani kudzichepetsa, asing'anga enieni amatero. Wina anatambasula dzanja, kugwira mphuno, kukoka. Wina naye kukoka. Pumbwa ali mumtengo akuti amene akoke kwambiri ndiye achire kwambiri.

Sakhwi anapulumuka, ananyamula mwana wake, liwiro.

Mpaka lero sanaime. Mukamuona m'tchire amangodutsa psiti, m'tinjira take tosesedwa bwino toti athawiremo, kamphuno kotalika kaja kakugwedezeka, kakununkhiza chilichonse asanachikhulupirire. Njiri naye mpaka lero amadya chogwada, amalowa m'dzenje cham'mbuyo, ndipo akamathamanga mchira umakhala njo, wakumbukira tsiku lija. Pumbwa yekha ndiye sanasinthe. M'mawa uliwonse ali ndi nkhani yatsopano.

Apa a Nagama anaphula phala lawo. Bambo wa mabotolo uja tsopano anali pachipata, amayi ena akumasula nsonga za zitenje. A Nagama anayang'ana kumeneko, anapukuta manja, n'kumaliza motere:

“Yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaiphule, ine mano anatha. Koma wina akathamangire kwa bambo uyo, amuuze kuti gogo akufuna botolo limodzi, lalikululo. Amutengere ndi kapu yomwe, ayambe ndi iyeyo ife tikuona.”